Tsiku Limene Kilimanjaro Adaphulika ku Champhira

Lachinayi, pa 23 Novembala 1978, phiri la Kilimanjaro lidaphulika kuseri kwa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Champhira, m'boma la Mzimba. Palibe adafa. Wovulala adali mmodzi yekha, bambo Cosmas Thole, mphunzitsi wa Sitandade 8, ndipo bala lawo silidali la pathupi.

A Thole adali atadya choko zaka zambiri osakwezedwa. Chaka chimenecho kudamveka kuti mpando wa uhedimasitala watseguka pasukulu ina m'tauni ya Mzimba, ya nyumba yamalata ndi mpope pakhomo, ndipo woyendera masukulu, a Zgambo, ndiye adzaloze woyenera kukhalapo. A Zgambo sankakopeka ndi pakamwa. Ankafuna zipangizo zophunzitsira zoti mwana aone ndi maso, agwire ndi manja. Aphunzitsi ena ankayala mapu a Malawi pabwalo ndi zidutswa za njerwa. A Thole adati mapu ndi masanje, iwo aumba phiri.

"Phiri la ku Tanzania pasukulu ya boma?" adanong'ona hedimasitala, a Bennet Ngwira, akuyang'ana kukhomo. "Mukufuna a chipani atifunse mafunso? Umbani Mulanje."

"Mulanje ndi mwala chabe, sanalavulepo moto," adatero a Thole. "Kilimanjaro ali m'silabasi. Akakafunsa, akafunse amene adalemba silabasi."

Kuumba phiri kuyambira pansi ndi ntchito yothyola msana, koma kuseri kwa kalasi kudali chulu chachikulu, chotalika kuposa denga la chimbudzi. Vuto lidali loti chulucho chidali ndi mwini wake. Kumeneko chulu sichikhala chamasiye. Bambo wa a Bestone Lungu popereka malo a sukulu adapereka zonse kupatula chulu chimenechi, chifukwa ngumbi zake zinkadyetsa banja ndi kutsala zogulitsa pamsika.

"Asambizgi," adatero a Bestone Lungu, amene tsopano adali mwini chulucho, kwa a Thole m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka, "chulu ichi eni ake tili awiri: ine pamwamba, mphalata pansi. Kongoletsani umo mufunira, yewo chomene. Koma tsiku lotuluka mphalata, mbwenu chulu ndi changa."

A Thole adavomera msanga. Mumtima adati mphalata zakezo, ndiye kuti ngumbi, zilibe makasu. Khomo likatsekedwa, zidzagona.

Adagwira ntchito Okotobala yense, ndipo sadalole bodza ngakhale limodzi paphiri lawo. Adasema nsonga zitatu: Kibo wamtali pakati, Mawenzi wamanomano kum'mawa, Shira wophwathalala kumadzulo. Mabowo onse a chiswe adawamata ndi dothi losakaniza ndowe. Pansonga ya Kibo adakwirira phale lobooka, nakhoma chitsulo kulowa pansi penipeni n'kuchizula, kuti patsale mphako yonga ya phiri lenileni. Kenako adagawa phirilo m'malamba monga mmene lilili. M'munsi adabzala ana a nthochi ndi timitengo toimira khofi. Pamwamba pake adafesa mawere mothinana kuti akamera akhale nkhalango, naikamo anyani adothi omatidwa thonje kumchira. Kupitirira apo adazika zitsa za kabichi pandodo, chifukwa kumtunda kozizirako kumamera zomera zooneka choncho. Kenaka chipululu cha timiyala ta mumsewu, ndipo pamwamba penipeni laimu, kuimira madzi oundana amene sasungunuka ngakhale phirilo lili kufupi ndi pamene dzuwa limaotcha paliwombo.

Mbuzi zidadya kabichi kawiri. A Thole adazika wina.

A Zgambo adayenera kufika kumapeto kwa Okotobala, koma mawere adakana kumera. Dzuwa linkamwa madzi a pachitsime asanalowe pansi. Nkhalango idali mbee, ngati mutu wa dazi, anyani ali pamtetete.

"Aonetseni choncho," adatero a Ngwira. "Phiri ndi lokongola kale. Mvula ikagwa chulu chimadzuka, inu ndinu mwana wa kuno, mukudziwa."

"Ndamata."

"Mwamata, eya. Koma a Thole, mlendo akati ndikubwera, sumuuza kuti dikira."

"Kilimanjaro wopanda nkhalango ndi bodza, ndipo ine bodza sindiphunzitsa."

A Thole adakwera basi mpaka ku boma nakapempha kuti ulendo usunthidwe mpaka mvula itagwa. A Zgambo adawayang'ana pamwamba pa magalasi, nati abwera pa 23 Novembala, ndipo sadzasunthanso. Kuyambira pamenepo a Thole adasanduka mlosi wa mitambo. Pophunzitsa ankaima pazenera. Kutchalitchi, pamene ena ankapempherera mbewu zawo, iwo ankapempherera nkhalango.

Mvula yowaza idayamba pakati pa Novembala, mawere n'kumera biriwiri. A Thole adayenda mozungulira phiri manja ali kumbuyo, ngati mwini esiteti. Koma m'mawa wa tsiku lenilenilo kudagwa chimvula chenicheni. Laimu adatsetsereka, madzi oundana n'kufika m'minda ya khofi, ndipo a Thole adapakanso nsonga atavala kale suti. Landirova ya a Zgambo idatitimira padambo, ndipo adafika dzuwa litapendeka, thalauzi ili matope mpaka m'mawondo, nkhope ili gwa.

Ana adaima mzere kuzungulira phiri. A Thole adakweza ndodo.

"Ili ndi phiri lalitali koposa onse mu Afirika, mafiti 19,340. Lidabadwa ndi moto. Miyala yosungunuka, imene timati chiphalaphala, inkatuluka pansi pa nthaka n'kumaunjikana. Wokwera phirili amayamba ndi thukuta m'nthochi, amanyowa m'nkhalango, amauma milomo m'chipululu, n'kukathera m'chisanu choti madzi amasanduka mwala. Shira adafa. Mawenzi adafa. Kibo sanafe, akugona."

Nkhope ya a Zgambo idayamba kumasuka. Adawerama nakhudza nyani mmodzi kumchira.

"Zabwino ndithu. Nanga Kibo ameneyu angadzuke?"

"Osati m'masiku athu ano, bwana."

Ngumbi yoyamba idatuluka m'phale, niima m'mphepete, n'kutambasula mapiko. Yachiwiri idaikankha. Kenako khamu lonse la m'chulu, limene zaka zonse linkatulukira m'makomo ambirimbiri, lidapeza khomo limodzi lokha, ndipo lidafwamphuka tolotolo ngati utsi wa uvuni wa njerwa.

"Mphalataaa!" lidakuwa kalasi lonse.

Mzere udatha pomwepo. Anyamata adavula malaya, atsikana adatambasula madiresi, nkhuku za aphunzitsi zidabwera chothamanga makosi ali patsogolo, akhwangwala n'kutera padenga. Kuchokera kumudzi adatulukira a Lungu ndi akazi awo, Nyasoko, atasenza mabeseni ndi mtolo wa udzu.

"Asambizgi, tsiku lija ndi lino! Chokaniko!"

"A Lungu, chonde, phunziro lili mkati!"

"Mphalata sizidziwa belu, adada."

A Lungu adaponda nthochi, adaswa nkhalango, adadutsa chipululu, nafika pa madzi oundana m'kuphethira kwa diso, ulendo umene paphiri lenileni umatha pafupifupi sabata. A Thole adawatsatira kuti apulumutse Kibo. Adavula jekete n'kulitsindira paphale. Ngumbi zidatulukira m'manja mwa jeketelo. Adakhalira phalelo, ngumbi zidapeza njira ya m'thalauzi. Adadzuka modumpha, phazi lidaterera, ndipo adatsika phiri lonse chogona chagada, atakokolola Mawenzi, kabichi ndi anyani awiri, mpaka kukaima pamapazi pa a Zgambo, kumbuyo kuli mbuu ndi laimu.

Ngakhale pamenepo mtima wa uphunzitsi sudawachoke. Adaloza kumwamba ndi theka la ndodo.

"Ana inu, onani. Chiphalaphala chikatsekeredwa njira, chimatuluka ndi mphamvu pamalo amodzi."

Palibe mwana adamva. Adacheukira kwa a Zgambo kuti aone ngati iwo amva, koma bwanayo adali atavula chipewa, akuwakha nacho ngumbi mwaluso la munthu amene adakulira pafupi ndi chulu. Chidali chitatsala pang'ono kudzaza pamene Nyasoko adaima patsogolo pawo ndi beseni.

"Pepani chomene, bwana. Izo zili ndi eni ake."

A Zgambo adayang'ana chipewa, adayang'ana mayiyo, nakhuthula zonse. A Lungu adatsika paphiri nawapimira mbale imodzi ya mlendo, monga mwa mwambo, ndipo bwanayo adalandira ndi manja awiri, "Yewo, adada." Adakwera Landirova osanenapo kanthu za phunziro, mapiko a ngumbi atamatirira pamagalasi. A Ngwira adathandiza a Thole kudzuka, ndipo adali ndi ulemu wokwanira kusatchula zimene adanena mu Okotobala.

Mpando wa m'tauni udapita kwa mphunzitsi wina amene adayala mapu a njerwa. Mu Januwale 1979 a Thole adapatsidwa uhedimasitala ndithu, koma pasukulu yaudzu kupitirira Euthini, kumene hedimasitala, wachiwiri wake ndi woimba belu adali munthu mmodzi yemweyo. Ena amati a Zgambo adachita chidwi ndi munthu wophunzitsa ali chigonere m'matope. Ena amati ankafuna awaike kutali ndi msewu. A Zgambo adapuma ntchito osaulula, ndipo a Thole mpaka lero sadziwa ngati adakwezedwa kapena adatayidwa. Chimene adadziwa n'chakuti mvula adaiitana okha, adaikwerera ndi basi yomwe, ndipo idabwera ndi katundu wake yense. Paja akuluakulu adati walira mvula, walira matope.