Chibangili Chopanda Khomo

Kalekale, patsinde pa phiri panali mudzi, ndipo kumapeto kwa mudziwo kunkakhala mayi wina wosula, dzina lake Nangondo. Inde, mkazi pachipala. Makasu sankasula, nkhwangwa sankasula, mipeni sankasula. Zake zinali mphete, ndolo ndi zibangili zamkuwa. Akavukuta moto, mkuwa unkasungunuka ngati uchi. Akagogoda ndi kanyundo kake, ngakhale nkhuku zinkaleka kupalasa. Anthu ankaima chapatali kukamwa kuli yasa, kuonerera moto ukubala zokongola.

Koma Nangondo anali ndi lamulo lake. Chibangili chilichonse ankachisiyira kampata, ndipo kampatako ankakatcha khomo. Ankati mkono umene walowera pakhomo uyenera kutulukiranso pakhomo.

Tsono m'mudzimo munali mkamwini wina, Chimbalanga, amene anakwatira Naliyela. Munthuyu nsanje inkamudya ngati nankafumbwe. Mkazi akapita kuchitsime, iye pambuyo. Akapita kunkhuni, iye pambuyo. Akaseka ndi mlendo, iye tsiku limenelo chakudya osachikhudza. Anapita kwa Nangondo kukapempha chibangili chopanda khomo, choti chitsekedwe pamkono wa mkazi wake mpaka imfa, kuti aliyense aziona kuti ali ndi mwini.

Nangondo anakana. Chimbalanga anabweranso, iye anakananso. Ulendo wachitatu anabwera ndi Naliyela yemwe. Nangondo anamuyang'ana mkaziyo nthawi yaitali, kenako anakoleza makala. Anasula, anapinda, analumikiza pamkono pomwepo. Chibangilicho chinali chokongola kuposa zonse zimene anasulapo, ndipo msoko wake panalibe diso limene linauona. Chimbalanga anabwerera kunyumba akuimba mluzu.

Patapita miyezi, Naliyela anakhala ndi pakati, ndipo thupi linayamba kutupa. Chibangili chija chinamira m'mnofu. Zala zinada, zinazizira, zinaleka kumva. Azamba ananena poyera kuti chikapanda kuchoka, mkono ufa, mwinanso mayi ndi mwana yemwe.

Apo Chimbalanga mantha anamugwira. Anapaka mafuta a nsatsi, chibangili osasuntha. Anapaka therere, chibangili osasuntha. Anayesa kucheka ndi mpeni, mpeni n'kubuntha. Pomaliza anabereka mkazi wake kumsana, mudzi wonse ukumutsatira, mpaka kuchipala. Anagwada paphulusa, misozi ili chuchuchu.

"Mayi, ndinalakwa," anatero. "Ngati pafunika mkono, dulani wangawu, wake upulumuke."

Nangondo anagoneka mkono wa Naliyela pamiyendo pake, natenga kanyundo kaja. Anagogoda kamodzi, mkuwa unalira chapansipansi. Anagogoda kachiwiri, unaimba ngati mbalame, anthu onse tsitsi n'kunyamuka. Atagogoda kachitatu, chibangili chinatseguka chokha ngati chitheba chouma padzuwa, n'kugwera pansi. Magazi anayenda, zala zinagwedezeka.

"Khomo linalipo," anatero Nangondo. "Ndinangokankhirapo chitseko. Ine ndende sindisula."

Chimbalanga anatola chibangili kuti achiponye pamoto. Mwamanyazi anauza mkazi wake kuti ngati akufuna kumusudzula, anyamula mphasa yake tsiku lomwelo. Naliyela anangomulanda chibangilicho. Bamboyo anakhala masiku ambiri mtima uli m'mwamba, kudikira kuti auzidwe njira yakwawo.

Mwana atabadwa, kutupa kutatha, Naliyela anatulutsa chibangili chija n'kulowetsa mkono wake pakhomo, yekha, mwamuna wake akuona.

"Bambo," anatero, "ichi ndingachivule tsiku lililonse limene ndafuna. N'chifukwa chake ndachivala."

Mwamva, anthuni? Chimene wachitsekera sudziwa ngati n'chako. Chako ndi chimene chaona khomo lili pululu, koma n'kukhala.

Makala azima, nyundo yagona, nthano yathera pachipala pomwepa. Amene anaika mbatata paphulusa akaphule isanapserere.