Kanyumba Komveramo Nyimbo za Nyenyezi

Panali mmisiri wina wa matabwa, dzina lake Filimoni Gwaza. Anthu okonza chionetsero cha nyimbo zonena za mwezi ndi nyenyezi anamupatsa ntchito. Ankafuna kanyumba koti munthu mmodzi azilowamo, n'kutseka chitseko, n'kumvera nyimbozo popanda phokoso la kunja. Anati kakhalenso kopindika, konyamulika.

Filimoni analimbana nako miyezi iwiri. Matabwa oyamba analemera kwambiri, anawasiya. Mkati anamatamo masiponji, n'kuikamo timasipika ndi batire. Pomaliza kanyumbako kankapindika bwinobwino moti munthu mmodzi ankatha kukasenza.

Chionetsero chinachitikira m'holo ya hotela ina mumzinda. Mabwana a masuti ankalowa m'kanyumbako, kudzijambula ndi foni, n'kutuluka nyimbo isanafike n'pakati pomwe. Filimoni ankangoyang'ana, mtima ukumuwawa.

Masana kunafika mayi wina wosaona, akufufuza njira ndi ndodo yake. Mkulu wa chionetsero anamuimitsa pakhomo.

"Mayi, muno si mopemphamo. Ndiye za nyenyezi, inu mukaonamo chiyani?"

"Sindinabwere kudzapempha, bambo," anatero mayiyo. "Ndamva pa wailesi kuti muli ndi nyenyezi zomvera ndi makutu. Makutuwo ndili nawo."

Mkuluyo anangokodola mlonda, mlonda n'kumugwira mayiyo pamkono mpaka kunja kwa geti. M'holo monse munalibe amene anatsegula pakamwa.

Filimoni anapsa mtima, koma sanakangane ndi munthu. Anazimitsa nyimbo, napinda kanyumba kake, nakasenza, n'kudutsa nako pakati pa mabwanawo.

"A Gwaza!" anakuwa mkulu uja. "Mukatuluka nako, ntchito yathu simudzaionanso!"

"Munati kakhale konyamulika, bwana. Ndakanyamula."

Anakakaimika m'mbali mwa msewu, pafumbi, pomwe ogulitsa nthochi amakhala. Analowetsamo mayi uja, natseka chitseko. Mayiyo anamvera nyimbo yonse mpaka kumapeto. Atatuluka anaima kanthawi, atagwiritsa ndodo yake ndi manja onse awiri.

"Kani kumwambako n'kotakasuka chonchi?" anatero chapansipansi.

Mkulu uja sanali kungoopseza. Dzina la Filimoni analifufuta pachikwangwani cha chionetserocho tsiku lomwelo, ndipo ntchito ya chionetsero chotsatira anapatsa wina.

Tsono inu amene mukundimveranu, aliyense wa ife ali ndi chimene manja ake anapanga, kaya ndi kalasi, kaya ndi kwaya, kaya ndi chipatala. Tayang'anani amene waima pakhomo pake, ndipo muone amene akubwezedwa. Musati n'za mlonda. Munthu akamachititsidwa manyazi pakhomo la chinthu chanu inu muli duu, ndiye kuti dzanja lomukankhalo ndi lanu. Ngati khomo likukana kutseguka, nyamulani chanucho mumutsatire kunja.