Dzuwa Lili Paliwombo

Kalekale, nyama zikadayankhula, tsiku linali ndi mayina awiri okha: m'mawa ndi madzulo. Pakati pakepo panalibe dzina.

Tsiku lina Mai Pusi anatsitsa khanda kumsana kuti athyole nkhuyu. Kanthawi kochepa, anthuni! Pocheuka, anaona mwana ali pansi pa phazi la Nyalugwe.

Mai Pusi anachita mantha. Koma sanakuwe.

"Achimwene," anatero ali mumtengo, "idyani, ndi wanu. Ine ndikumvera chisoni mano anuwo."

"Mano anga atani?"

"Simukuona pamutu pakepo pakugunda? Ndi liwombo limenelo, silinatseke. Wodya khanda dzuwa lisanaime paliwombo, mano amagweruka onse. Muzidzadya maungu ngati nkhalamba."

Nyalugwe anayendetsa lilime m'mano. "Ndidikira."

Anadikira, anadikira. Mwana akulira.

"Iwe mkazi, lafika?"

"Ayi, likadali pakhutu. Onani chithunzithunzi cha mwanayo, kutalika ngati mchira wanu."

Anadikira, anadikira. Mawu a mwana anasasa.

"Iwe mkazi, lafika?"

"Lili pamphumi. Pirirani, achimwene."

Tsopano mwana anangoti zii. Milomo gwa, liwombo lalowa m'kati. Wobereka aliyense amadziwa: likalowa choncho, mwana akufuna bere msangamsanga. Mkaka unayamba kuchucha, koma Mai Pusi anangoluma mlomo.

Kachitatu Nyalugwe anadzuma. "Chithunzithunzi chathawira kumapazi. Lafika!"

"Mwina. Kuno masamba akunditchinga. Mukhazikeni pamwalapo, mumusiye akhale yekha. Yang'anani pamutu pake, kenako muyang'anitsitse dzuwa, muone ngati zalunjikana. Mukaphonya pang'ono pokha, maungu."

Nyalugwe anachotsa phazi. Anayang'ana liwombo, anayang'ana kumwamba. Anatong'ola maso, misozi mbwe, m'maso mdima bii!

Mai Pusi anadumpha. Mwana tsompho, mumtengo kwee, bere m'kamwa. Anamvetsera. Anamvetseranso. Kenako anamva kakhosi kakumeza.

Pansi Nyalugwe ankapapasa mwala. "Iwe mkazi, lafika kodi?"

"Linafika, achimwene. Lapendeka kale."

Kuyambira pamenepo, pakati pa tsiku panapeza dzina. Mukamva amanu akuti dzuwa lili paliwombo, ndi masana amenewo: lowetsani khanda pamthunzi.

Ndipo mantha akakugwirani, musathamangire kukuwa. Mphamvu zikachepa, pakamwa pamawombola.

Nthano yanga yafika pamapeto. Kaphuleni mbatata ija isanapserere.