Esinala ndi Zotsala za M'mbale

Mbale za pakhomo pa Ignasio, kwa Maseya, zinkatsukidwa kawiri: koyamba ndi zala za mkazi wake Esinala, kachiwiri ndi madzi.

Ana awo asanu anali atachoka onse. Lloyd anali ku Blantyre, anyamata awiri ku esiteti ya nzimbe, atsikana kumabanja awo. Pakhomo panatsala anthu awiri, koma dzanja la Esinala silinamve uthengawo. Linkatapabe ufa wa anthu asanu ndi awiri. Ignasio, yemwe anapuma ntchito yodula nzimbe, anali munthu wa mtanda umodzi. Akasamba m'manja, zotsala zinkabwerera kukhitchini, ndipo kumeneko Esinala ankazimaliza ali chiimire, nkhope atalozetsa kukhoma.

Kuchigwa kuno chakudya sichidikira munthu. Kumapiri mkute umagona mpaka m'mawa, koma kuno mwezi wa Okutobala umasasa ukuuyang'ana. Choncho Esinala sankasunga kanthu. Ankadya nthawi yomweyo.

"Amake Muriel, si mwadya kale pamphasa?" Ignasio ankafunsa ali pakhonde.

"Sindikudya, bambo. Ndikupulumutsa."

Silinali dyera. Mu Seputembala wa 2001, pa ukwati wa mwana wawo woyamba Muriel, Esinala anafuna kuti mudzi udzasimbe. Anatapa nkhokwe mpaka pakati, nagulanso mpunga. Anthu anadya, anavina, anapita. Mabeseni asanu ndi limodzi a chakudya anatsala, ndipo kutacha anali atasasa. Anawakwirira m'dzenje kuseri kwa nyumba. Mayi ake a Esinala anaima pambali atagwira m'chiuno, nanena mawu awiri okha: "Mudzachifuna ichi."

Patapita miyezi inayi njala inalowa. Anthu ankapita kudambo kukazula nyika, timizu ta zomera za m'madzi, madzi ali m'khosi, ng'ona zili pafupi. Mayi aja ankakankhira gawo lawo kwa adzukulu n'kumati m'mimba mukuwapota. Anamwalira mu Febuluwale. Amayi amene anasambitsa mtembo anati unali wopepuka ngati mtolo wa mapesi. Kuyambira pamenepo Esinala sanatayenso ngakhale nyenyeswa.

Zaka khumi ndi zisanu za kupulumutsa zinaoneka pathupi. Anthu ankamuyamikira Ignasio kuti amadziwa kusunga mkazi. Kenako ludzu linayamba, la madzi chikho pa chikho, ndipo maso anayamba kuchita nkhungu. Kuchipatala cha kuboma anamubaya chala, nayang'ana kamakina, namuuza kuti ndi matenda a shuga. Dokotala, mayi wachitsikana wosataya nthawi, anamugwira dzanja n'kulikunga.

"Mayi, nsima yanu isapose chibakera chanuchi. Masamba ambiri. Tiyi wopanda shuga. Mankhwala awa, m'mawa ndi madzulo."

Esinala sanali munthu wokana malamulo. Pamphasa ankadya chibakera chimodzi monga anauzidwira. Zibakera zinayi zinazo ankazipeza kukhitchini. M'mutu mwake nkhaniyo inali yowongoka: dokotala analankhula za kudya, za kupulumutsa sananenepo.

Tsiku lina kudimba anaponda munga. Sanaumve. Anauona madzulo posamba, utalowa pansi pa chala chaching'ono cha kumanzere. Anauzula, namangapo kansanza. Bala la munga limapola sabata imodzi, koma ili linatha mwezi likukula. Chala chitayamba kuda ndi kununkha, Ignasio anaitana kabaza, ndipo kuchipatala sanamulole Esinala kubwerera.

Wodzamudikirira anali Faness, mlongo wake wa Ignasio, wogulitsa nsomba zouma ku Nsanje. Anali mayi wowonda, wa maso osaphonya sikelo. Ankaphika yekha kumalo a odikirira odwala, n'kuyeza nsima ndi chibakera cha mlamu wake, osati chake. Komabe m'mawa uliwonse namwino akabaya chala, ankapukusa mutu. Shuga sankatsika.

Lachiwiri masana Faness anapita kukachapa, koma anabwerera panjira ataiwala sopo. Anapeza Esinala atakumbatira mbale yachilendo. Pa bedi loyandikana panali gogo wina amene sankathanso kumeza, ndipo mwana wake ankati akataye phala lotsala. Esinala anali atamuuza kuti, "Bweretsani kuno." Zinali zikuchitika tsiku lililonse, ndipo mbale sizinali za gogoyo yekha. Theka la wodi linali litadziwa kuti pa bedi la pakona sipabwerera kanthu.

Faness anatenga sopo wake n'kutuluka.

Lachisanu madokotala anadula zala ziwiri. Dokotala uja anabwera pa bedi, nalankhula mosakweza mawu.

"Lero tatenga ziwiri, mayi. Mukadzabweranso ndi shuga wotere, tidzayambira pabondo."

Dokotala atachoka, Faness anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyamba kusenda nthochi yake.

"Alamu, ndikufunseni. Phala la gogo uja munadya Lachiwiri, pano lili kuti?"

"Funso lanji limenelo?"

"Yankhani. Lili kuti?"

Esinala anatembenukira kukhoma.

"Lili kuchimbudzi," anatero Faness. "Mwana wa gogoyo akanalitaya kudzala. Inu mwalitaya kuchimbudzi. Dzenje ndi dzenje. Kusiyana kwake n'kwakuti likadutsa mwa inu limatuluka litanyamula chala."

"Inu simungamvetse. Amayi anga anafa ndi njala ine nditakwirira mabeseni asanu ndi limodzi."

"Ndinalipo. Beseni limodzi ndinanyamula ndine, linandithira msuzi pachitenje chatsopano."

"Chimanga chija chikanakhala m'nkhokwe, bwenzi atafika pokolola."

"Mwina. Sindikukutsutsani. Munalakwa, alamu, munaphika ngati mukudyetsa boma lonse, ndipo tonse tinkavina osakuletsani." Faness anatafuna nthochi yake mosafulumira. "Ndiye mwadya zaka khumi ndi zisanu. Pa zonse mwadyazo, mayi anu alawapo zingati?"

Esinala anakoka chitenje mpaka kuphimba mutu.

"Lirani, palibe choletsa. Koma mwendo umenewu ine sindidzabwera kudzaudikirira. Nkhabe, ayi ndithu. Nsomba zanga zikudyedwa ndi tizilombo ku Nsanje."

Esinala atatuluka m'chipatala, Faness anakhala nawo kwa Maseya sabata imodzi. Tsiku lonyamuka anamanga poto wamkulu wa Esinala pamwamba pa katundu wake, nasiya kapoto kamene ankaphikira kuchipatala.

"Ameneyu ndabwereka. Kwathu kuli ziliza."

"Nanga kamenekaka ndiphikiremo chiyani, mankhwala?"

"Anthu awiri. Muwerenge, alipo awiri."

Masiku oyamba Esinala ankathira madzi mpaka m'kamwa mwa kapotoko, nsima n'kumasefukira pamafuwa. Ankadzuka pamphasa m'mimba muli phee koma manja akufunafuna chochita. Ignasio, yemwe mlongo wake anamusiyira mawu, anayamba kunyamula yekha mbale yake kupita nayo pathandala n'kuitsuka. Amuna anzake podutsa ankamuseka.

"Achimwene, mwalowa ntchito ya mu lesitilanti?"

"Eya, malipiro ake ndi mwendo," ankayankha osatembenuka.

Bala linayamba kuuma m'mbali. Ku sikelo ya a shuga namwino anasiya kupukusa mutu. Koma kapoto kakang'ono kanangobisa nkhondo, sikanaithetse. Popanda zotsala, Esinala analibe choti asankhe.

Kusankha kunabwera Loweruka lina mu Novembala. Lloyd anaimba foni kuti akubwera ndi mkazi wake ndi ana atatu kudzaona mayi. Esinala anabwereka poto wamkulu kwa oyandikana nawo. Ignasio anapha bakha. Pofika masana mpunga unali utapsa, woyera, wonunkhira mpaka kumsewu. Ndiye foni inaliranso. Mwana wamng'ono anali atatentha thupi ali kale pa siteji, ndipo anabwerera naye kuchipatala. Adzabwera Loweruka linalo.

Anadya awiriwo, aliyense muyeso wake. Poto sanasonyeze n'komwe kuti watapidwa. Esinala anagawa nyama ndi mpunga m'mbale zitatu, Ignasio n'kumazungulira nazo m'makomo. Koma inali nthawi yoti anthu adya kale. Nyama analandira ndi manja awiri, mpunga anangotapako mwaulemu. Ignasio anatenga mbale yomaliza kupita nayo kwa mayi wina wamasiye kutsidya kwa msewu, ndipo kumeneko nkhani zinamugwira.

Esinala anatsala yekha ndi theka la poto. Dzuwa linali litapendeka koma malata akadali kulira ndi kutentha. Anavundukula. Mpunga unali utayamba thukuta, ndipo m'mbali munali mutayamba kunanda. Panali patatsala ola limodzi kuti ukhale wosadyeka, ndipo ola limodzi linali lokwana. Anali atamalizapo zoposa pamenepo.

Dzanja linalowa lokha. Linaumba mbamu, n'kuikweza mpaka pachibwano. Pakhomo panalibe munthu. Faness anali ku Nsanje, dokotala anali kuboma, ndipo palibe akanadziwa kufikira tsiku la sikelo. Anaima choncho kanthawi, mwendo wakumanzere ukugunda pang'onopang'ono pansi pa bandeji, monga unkachitira akaima nthawi yaitali.

Anabwezera mbamuyo m'poto. Kenako anazindikira kuti poto akakhala pamenepo, dzanja libwereranso. Anatenga ndodo yake, nakoleka poto m'chiuno, n'kuyamba kutsimphina kulowera kudzala. Ndi mtunda wa mapazi makumi atatu, koma anapuma kawiri. Atafika anapendeketsa poto, mpunga n'kutsika wonse pamodzi ngati dothi lonyowa. Anakokota ndi chipande mpaka poto anayera. Anayembekeza kanthawi ngati pali wina woti alankhule, koma kunali kulira kwa njiwa basi.

Ignasio anamupeza atakhala pakhonde, mwendo atausanjika pa mpando, poto atatsukidwa kale.

"Mpunga uja uli kuti, amake Muriel?"

"Kudzala."

Ignasio anamuyang'ana pakamwa, kenako pamimba. Anazungulira kuseri kwa nyumba, nabwerako akukanda m'mutu.

"Wonse?"

"Wonse. Mumafuna ndikusungireni?"

"Ayi. Kungoti mpunga wabwino ngati umene uja..."

"Unatayika m'mawa, bambo, pamene ndinkautapa m'thumba ndisanaone nkhope ya mlendo. Madzulo ano ndangouperekeza."

Masiku awiri otsatira Esinala ankapewa kuyang'ana kuseri kwa nyumba, ndipo Lamulungu kutchalitchi anakhala mpaka anthu onse atatuluka. Kumwamba sikunagwe kanthu. Lachitatu namwino anabaya chala, nayang'ana kamakina, nalemba m'buku osapukusa mutu, n'kuitana wotsatira.

Loweruka linalo Lloyd anaimba ali pa siteji ku Blantyre, naimbanso akutsika mapiri. Esinala sanakoleze moto. Anadikira mpaka makabaza ataima pabwalo, nawerenga mitu ndi chala: akulu anayi, ana atatu, mmodzi wa iwo wongochira kumene.

"Amayi, simunaphike?" anafunsa Lloyd, amene anazolowera kupeza mbale zitayalidwa kale.

"Ndimafuna ndikuoneni kaye. Mwana uyu akudya bwanji masiku ano?"

"Pang'ono," anatero mpongozi wake.

"Ndiye ndi theka. Khalani, mphindi makumi atatu sizinaphepo munthu."

Chakudya chinakwana. Mdzukulu wamkulu anasiya mpunga wokwana supuni zitatu m'mbale, ndipo Esinala anauona. Anauza mpongozi wake kuti achotse mbalezo, iye n'kukhala pomwepo, manja atawapinda pamiyendo.

Esinala akuyendabe ndi miyendo iwiri, ngakhale wakumanzere umasiya chidindo cha zala zitatu pafumbi. Masiku ena dzanja limamuphonyabe, ndipo amadziwa yekha. Koma anasiya kusandutsa mimba yake manda a zinthu zimene zinatha kale. Chakudya chimapulumutsidwa chisanalowe m'poto. Chikapsa chochuluka, chapita, kaya chigwere kudzala kaya chigwere m'mimba mwa munthu wokhuta. Akuluakulu anaziona kale izi pamene anati madzi akatayika saoleka. Wolimbana nawo pansi amangodzaza matope m'zikhadabo, mtsuko uli pambali wopanda kanthu.