Bokosi Limene Sankhani Anamata Mothamanga

Kuseri kwa msika wa pa Kasungu Boma kuli kanyumba ka malata kamene khonde lake chaka chatha linadzaza ndi zinthu zachilendo. Panali mapayipi oyera, kapampu kofanana ndi chibakera, ndi matabwa a pulasitiki oonekera ngati galasi, amene mwini wake ankawatchula kuti akiriliki. Mwini wakeyo anali Sankhani, wa kwa Chulu, amene anatha zaka ku Joni. Anzake pochokera kumeneko amabwera ndi galimoto kapena wailesi yogwedeza mudzi. Iye anabwera ndi luso loweta nsomba za m'nyanja ya mchere, poti ku Durban ankagwira ntchito m'sitolo yogulitsa nsombazo.

Anthu anaseka. Kuno kwa fodya, kumene ndi zitsime zomwe zimaphwa m'chilimwe, munthu n'kumakamba za nyanja ya mchere! Koma mkazi wake Lefina sanaseke nawo. Iye msewu wa ku Joni ankauopa. Msewu umene uja umameza amuna, inu. Ena amabwerako atagona chagada, ena sabwerako n'komwe, ndipo mwana wawo Comfort anaphunzira kuyenda bambo ake kulibe.

Mwayi unabwera ndi a Fundo, eni ake a loji ina ya m'mbali mwa msewu waukulu, amene ankafuna chinthu choti loji ina iliyonse ilibe.

"Iwe Sankhani," anatero a Fundo, "nsomba zakozo zikakhala ndi moyo, ntchito yozisamalira ndi yako mpaka imvi. Zikafa, usadzandipatsenso moni."

Thanki yagalasi a Fundo anakaigula ku Lilongwe. Sankhani anaiika m'chipinda chodyera, nathiramo madzi osakaniza ndi mchere wake wapadera, osati wathu wa m'ndiwowu ayi. Chinatsala ndi bokosi lapansi, lobisika m'kabati. Madzi amatsika ndi payipi kuchokera m'thanki, amadutsa m'tizipinda ta bokosilo momwe amasefedwa, kenaka pampu n'kuwakankhira kumwamba ali oyera. Bokosi limeneli Sankhani anati apanga yekha.

Kapangidwe kake ankakadziwa bwino. M'mphepete mwa thabwa lililonse mumayenera kupalidwa mpaka musalale ngati tsaya la khanda. Guluu wake ndi wamadzimadzi, amasungunula pulasitiki kuti mbali ziwiri zikhale thupi limodzi, koma amafuna masiku kuti akhwime. Zikatero umalidzaza ndi madzi a pamjigo, n'kulisiya pakhonde kuti uone ngati likugwetsa misozi. Zonsezi ankazidziwa. Koma kudziwa ndi kuchita si ana a mimba imodzi.

Pakati pa sabata foni inalira. Anali Grey, mnzake woyendetsa thiraki ya ku Dar es Salaam.

"Aise, ndadutsa kale pa Songwe. Nsomba zako zili m'majumbo muno, zikungonditong'olera maso. Mawa ndikutulira katundu wako."

A Fundo atamva anawomba m'manja. "Zagwa pake! Loweruka pano pali phwando la ukwati wa mwana wa mlongo wanga. Anthu adzaone nyanja, zonse zikuyenda."

Apa ndi pamene Sankhani akanatsegula pakamwa. Nsomba zikanatha kukhala m'thanki yapamwamba ndi kapampu kakang'ono, bokosi n'kulidikira. Koma anachita manyazi kunena kuti "sindinamalize". Samalani ndi manyazi, anthuni, amapha munthu ali chiimire. Anathamangira kunyumba, nacheka matabwa aja ndi sowo, osapala n'komwe, nathira guluu mothamanga ngati akuthawa mvula.

M'mawa mwake Lefina anawerama pabokosi paja, tsache lili m'manja.

"Bambo a Comfort, timathovu tili m'mphepetemu n'tachiyani?"

"N'tokongoletsa timeneto," anayankha Sankhani akuseka.

"Musandipusitse. Bambo anga chaka china anadinda fodya wachinyezi. Kunja belo linkaoneka bwino, koma ku okushoni anawabwezera litawola m'kati."

"Mayi a Comfort, ameneyu si fodya. Kodi inu nyanja ya mchere munaionapo?"

"Nyanjayo sindinaione, koma ndowa yothonya ndimaidziwa."

Sankhani anasenza bokosi lake nakwera kabaza, guluu akununkhabe.

Loweruka loji inadzaza. Ana anakanikiza mphuno pagalasi. Munali nsomba zofiira za mizere yoyera, ina yachikasu ngati duwa la dzungu, ndi timiyala tamoyo ta m'nyanja timene amati makorali, ngakhale kuti timeneti tinali titafumbata ngati nkhonya chifukwa chotopa ndi ulendo. A Fundo ankayenda chifuwa patsogolo.

Dzuwa lili paliwombo, mpunga ukugawidwa, magetsi anazima.

Tsono chinthu chilichonse chosunga madzi musamachikhulupirire chisanayesedwe pa tsiku loipa. Pampu ikaima, madzi a m'mapayipi ndi ena apamwamba amatsikira onse m'bokosi lapansi. Bokosi lokhwima limangowalandira. La Sankhani linangoti phuu! Mbali imodzi inakanganuka, chitseko cha kabati chinatseguka chokha, madzi n'kuyamba kuyenda pansi pa matebulo. Ananyowetsa m'munsi mwa diresi la mkwatibwi. Analowa m'nsapato za ankhoswe, amene anakweza miyendo nafuula kuti, "Ife timati nyanja ili kutali, kani yatilondola pa Kasungu!"

Ena anaseka, koma Lefina, amene anabwera kudzathandiza kukhitchini, anaona chimene enawo sanaone. Mawaya a pampu anali m'madzi, ana ali osavala nsapato, ndipo kunja mlonda ankakoka chingwe cha jenereta.

"Musalize jenereta!" anakuwa mayiyo. "Mupha ana!"

Mlonda anasiya chingwe. Sankhani anazula mawaya onse. Thanki yapamwamba inali ndi madzi ake ambiri ndithu, koma madzi oima alibe mpweya, ndipo nsomba zinayamba kuyasamulira pamwamba. Lefina anatenga jagi, n'kumatunga madzi a m'thankimo ndi kuwathiranso kuchokera m'mwamba, kutunga ndi kuthira, mpaka mkono unachita dzanzi. Pamene pansi panauma ndi kapampu kakang'ono kanalumikizidwa, nsomba yachikasu ija inali itatembenuza mimba.

"Wandivula pamaso pa alendo," anatero a Fundo kwa Sankhani, osamuyang'ana n'komwe.

Lamulungu atachoka ku tchalitchi, Sankhani anatulutsa chikwama chake cha ku Joni kunsi kwa bedi. Lefina sanalire. Anangopita n'kukhala pachikwamapo.

"Dzukani, mayi a Comfort. Kuno ndasanduka choseketsa."

"Yafa ndi imodzi. Zinazo zili moyo, zikudikira chakudya. Mukufuna kuzisiya ngati mmene munatisiyira ife?"

Sankhani anakhala pansi. Comfort anabwera n'kumukwera pamwendo, ndipo nkhani ya ulendo sinapitirire.

Lolemba anapita kwa a Fundo chipewa chili m'manja. "Bwana, bokosi lija silinali lokhwima. Ndinkadziwa, koma ndinaopa kukuuzani. Ndiloleni ndipange lina."

"Ukufuna masiku angati?"

"Sindilonjeza tsiku. Likakhwima ndidzabwera nalo."

A Fundo anayang'ana nsomba zija zikuzungulira m'galasi. "Mkazi wako anapulumutsa ana a eni pakhomo panga. Pita ukapange. Koma ukadzandinyowetseranso ankhoswe, ndidzakuika iweyo m'thankimu."

Ulendo uno Sankhani anapala m'mphepete monse mpaka chala chinkaterereka. Anathira guluu pang'onopang'ono, mbali imodzi lero, ina mawa, ndipo akamaliza ankaitana Lefina kuti asake timathovu. Bokosi litakhwima analidzaza ndi madzi a pamjigo mpaka pakamwa, nayala nyuzipepala pansi pake kuti ngakhale kadontho kadziulule. Linakhala pakhonde masiku ambiri. Mmawa ankakadyetsa nsomba ku loji, masana n'kumalondera bokosi lake.

"A Sankhani," ankatero oyandikana nawo, "ena akuweta nkhuku, inu mukuweta madzi?"

"Eya, ndipo sakundithawa," ankayankha.

Nyuzipepala ija inakhalabe youma. Tsiku loika bokosi, analithira madzi osadzaza, kusiya malo, kenaka anaitana a Fundo nazimitsa yekha magetsi iwo akuona. Madzi anatsika m'payipi, anakwera, anakwera, a Fundo n'kubwerera m'mbuyo atagwira thalauza. Kenaka madziwo anaima asanafike pakamwa pa bokosi. Pansi panali gwaa.

Timiyala tija tinachedwabe kufumbatuka. Koma mmawa wina Sankhani anatuma uthenga kuti Lefina abwere ndi mwana. Anapeza nkhonya zonse zija zitafumbatuka, tatulutsa timanja tobiriwira ndi tofiirira tikugwedezeka m'madzi ngati nazale ya fodya pa kamphepo. Comfort anaseka mpaka kukhala pansi.

Lero eni ake a maloji ena amamufunafuna Sankhani, ndipo iye amauza aliyense mawu amodzi asanagwire sowo: "Mukandithamangitsa, funani wina." Chikwama cha ku Joni chija amasungiramo mapayipi. Madzulo amadya kwawo, mwana ali pamwendo.

Akuluakulu sananame ayi: kuona maso a nkhono n'kudekha.