Kauchi ndi Kamtengo ka pa Thamanda

Chaka chimenecho dzuwa linaphika dambo lonse, ndipo panangotsala thamanda limodzi la madzi odikha, odzaza ndere. Pakati pake panatulukira kamtengo kouma. Kamtengo wamba, koti inu simungakatole n'komwe.

Kauchi anali tombolombo, koma wochepa zomvetsa chisoni, wosaposa kachala ka mwana. Mapiko ake anayi anali a mtundu wa uchi, kamimba kamizeremizere. Ankafuna kukwatira Namawanga, wa mapiko amadontho, ndipo mkaziyo anamuuza mosapsatira: "Pezani kamtengo pamadzi odikha poti ndiikirepo mazira. Popanda kamtengo musandivutitse."

Vuto linali lakuti pansi pa kamtengoko pankakhala Chule, ndipo Chule anali ndi njala.

Kauchi anatera pakamtengo paja, nayamba kukweza ndi kutsitsa kamimba kwinaku akuphethira mapiko, monga achitira mavu.

"Ndiwe yani?" anafunsa Chule.

"Mavu."

"Mavu amakhala ndi chiuno chowonda."

"Ndangodya kumene."

"Nanga tinyanga tili kuti?"

"Tinathyoka dzana. Ndinakangana ndi ng'ombe."

Chule anaganiza kwa kanthawi, kenako anati wakumbukira kuti akumudikira kutsidya.

Masana kunabwera Namzeze, mbalame yodya touluka.

"Ukufanana ndi tombolombo," anatero Namzeze.

"Ambiri amatero," anayankha Kauchi, kamimba kali m'mwamba. "Womaliza kunena zimenezo akudya phala lokha mpaka pano. Koma lawani, ndani akudziwa."

Namzeze anati sanabwerere zimenezo, amangodutsa.

Basitu, mbiri inamveka dambo lonse kuti pathamanda pakhala mavu olusa. Kauchi anayamba matama, kumagwedeza kamimba ngakhale kwa tsamba longogwa. Ine zimenezi ndi zimene zimandinyansa ndi anthu ochenjera: sadziwa polekera.

Ndiye Namawanga anafika ndi amalume ake, nkhoswe yake, tombolombo wokalamba wa mapiko ong'ambika komanso wogontha khutu limodzi.

"Tamva kuti pano pali mavu," anatero amalumewo. "Mwana wa mlongo wanga sangakwatiwe ndi mavu. Tiye, Namawanga."

Kauchi anayang'ana pansi. Maso awiri a Chule anali atatulukira m'ndere.

"Ndine tombolombo, malume," ananong'ona.

"Mwati?"

"Tombolombo."

"Za ukwati sitinong'onezana, bambo. Ndiponso pafunika mboni. A Chule, inu ndinu oyandikana nawo, tasenderani."

Chule anasendera, mwaulemu ndithu.

Amalume anamuzungulira Kauchi pang'onopang'ono. "Maso aakulu odzaza mutu, athu. Mapiko otambasula pokhala, osapinda, athu. Tinyanga palibe. Mbola ili kuti?"

Apa Kauchi anali pampanipani. Akati ilipo, mkazi wapita. Akati palibe, lilime la Chule lili pompo. Anayang'ana Namawanga, amene ankangoyang'ana kamtengo.

"Ndilibe mbola!" anakuwa. "Sindinakhalepo nayo!"

"Mwamva, a Chule?" anafunsa amalume.

"Ndamva bwino kwambiri," anatero Chule, akunyambita.

"A Chule," anafulumira Kauchi, "mboni sidya mkamwini tsiku la chinkhoswe. Mungachititse manyazi malume."

"N'zoona," anavomereza amalume. "Lero ayi."

"Nanga mawa?" anafunsa Chule.

"Za mawa si za ine," anatero amalume.

Namawanga sanachedwe. Anauluka chapansipansi, kumagunda madzi ndi nsonga ya mimba m'mbali mwa kamtengo, mazira n'kumamatirira ku ndere, Kauchi akuzungulira pamwamba pake kulondera. Atatha, Kauchi anapita kumunda wa nandolo kumene Mavu weniweni ankadandaula kuti dothi lauma, alibe chomatira nyumba.

"Achimwene," anatero Kauchi, "pathamanda pali kamtengo kanga. Mukhoza kuterapo m'mawa n'kutunga madzi. Zaulere."

Kutacha, Chule analawirira. Anapeza pakamtengo pali kanthu kamizeremizere, kakukweza ndi kutsitsa kamimba.

"Lero ndi mawa lija," anatero Chule, ndipo anaponya lilime.

Kukuwa kwake kunadzutsa ndi abakha omwe. Anadumpha, anamira, anavuuka, pakamwa patatupa ngati dzungu. Mavu anauluka akutukwana, madzi osatunga.

Kauchi anatsika pabango pamene anakhala akuonerera, natera pakamtengo pake, pamwamba pa mazira a mkazi wake.

"Pepani, a Chule," anatero. "Komatu chiuno ndi tinyanga munandiphunzitsa ndinu. Bwanji simunayang'ane?"

Chule anafuna kuyankha, koma lilime silinkakwana m'kamwa. Anangosamukira kutsidya, uku Kauchi akumugwedezera kamimba pomutsazika.