Sungwa M'damu la Makumba

Panali munthu wina cha kufupi ndi mtsinje wa Shire amene anakumba damu la nsomba kumunsi kwa dimba lake. Anakumba yekha, ndi khasu ndi fosholo, chilimwe chonse. Ulesi analibe ayi, pamenepo tisamunamizire. Vuto lake linali limodzi: akangokhutira ndi zimene maso ake aona, mawu a mnzake ankapita ndi mphepo.

Mayi ake anali atamwalira, ndipo abale anagwirizana zomanga chiliza anthu akakolola. Pogawana ntchito, wina anati abweretsa simenti, wina chimanga, wina nkhuni. Iye anaimirira n'kudziguguda pachifuwa. "Za ndiwo musade nazo nkhawa. Aliyense wobwera pachiliza cha amayi adzadya nsomba ya m'damu langa, yakeyake, kuyambira kumutu mpaka kumchira." Abale anaomba m'manja, ndipo palibe anaganizanso zosunga mbuzi.

Mvula itagwa, damu n'kudzaza, anapita kukagwira ana a makumba m'madambo a m'mbali mwa mtsinje kuti akhale mbewu. Anatengana ndi mlamu wake, msodzi wakalekale. Anagwira tinsomba tambirimbiri, tonga chala, n'kutithira m'mabeseni. Asanatiike m'damu, mlamuyo anakhala pansi n'kuyamba kusankha. Ankatenga kamodzikamodzi, kukatsegula kukamwa ndi chala, n'kukabweza m'madzi. Tisanu ndi tiwiri anatiika padera mundowa. Tsono tinali tabwino kuposa tonse: tokulirapo, tonyezimira, tochangamuka.

"Alamu, ukalamba walowa m'maso kodi?" anatero mwini damu. "Mukundichotsera zabwino zomwezo!"

"Awa si makumba, alamu. Ndi ana a sungwa. Akadali aang'ono amafanana, koma onani kukamwa. Makumba pakamwa pake m'pang'ono, potolera ndere ndi madeya, nsonga ya chala siilowa. Nanga iyi? Kukamwa kwang'ambika mpaka kufupi ndi diso, chibwano chatulukira kutsogolo, chala changa chalowa chonse. Kukamwa kotere si kodyera madeya. Iyi imadya zinzake."

Mwini damu anaseka. "Nsomba ndi nsomba. Zisanu ndi ziwiri zingatani pakati pa mazanamazana? Zikuluzikuluzi ndiye zimene ndikuzifuna." Ananyamula ndowa ija n'kuikhuthulira m'damu, khuthu! Mlamu wake anasamba m'manja, n'kutola chipewa chake.

"Damu ndi lanu, alamu," anatero, n'kumapita kwawo.

Miyezi inadutsa. M'mawa uliwonse munthu uja ankawaza madeya pamadzi. Poyamba madzi ankachita kuwira ndi tinsomba tolimbirana chakudya. Kenako anayamba kuwira pang'ono. Kenako madeya ankangoyandama mpaka masana. Mkazi wake anamuuza kuti, "Bambo, madeya aja akutsala." Iye anati nsomba zakhuta. Nthawi zina madzi ankamveka kuti phuu! tinsomba n'kubalalika, iye n'kumwetulira, amvekere, "Taonani mmene zikusewerera." Kusewera kwake kuti? Kunali kudyana kumeneko.

Tsiku la chiliza linafika. Alendo anabwera kuchokera kutali, ena pamabasi, ena panjinga. M'mamawa amayi anatsikira kudamu ndi mabeseni pamutu, mipeni m'manja, akuimba. Amuna anatsegula ngalande kuti madzi achepe, n'kulowamo ndi ukonde. Anakoka koyamba, ukonde unabwera wopepuka. Anakoka kachiwiri, kachitatu, mpaka kupapasa m'matope ndi manja. Zimene anapeza ndi izi: sungwa zisanu ndi ziwiri, zonenepa, zazitali ngati mkono wa munthu, ndi makumba owerengeka amene sanaphimbe n'komwe pansi pa beseni limodzi. Nyimbo ija inatha yokha.

Mchemwali wamkulu wa mwini damu anatenga sungwa imodzi n'kuitumbula pomwepo. M'mimba mwake munatuluka kansomba kathunthu, kamene kanamezedwa m'mawa womwewo. Mayiyo anakaika pachikhatho n'kukaonetsa mlongo wake.

"Achimwene, ndiwo za alendo a amayi zija ndi izi. Munazidyetsa kale."

Munthu wamkulu, wa ndevu zake, anakhala pansi m'matope n'kulira ngati mwana. Tsiku limenelo anthu oposa zana anadyera nyemba zopempha kwa aneba, ndipo iye sanathe kuyang'ana munthu kumaso, ngakhale kuimirira pamanda a mayi ake. Ine ndimamumvera chisoni ndithu, chifukwa thukuta analikhetsadi. Koma samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Tsono inu, abale anga, mawa mukusankha munthu woti atsogolere gulu lathu la alimi. Ndamva kale manong'onong'o. Akuti tisankhe uje, akuoneka bwino, zake zikuyenda, ndi wochangamuka. Ine sindikukana, kuchangamuka n'kwabwino. Koma musanamuike pakati pa anthu ang'onoang'ono, khalani pansi, mufufuze chimene chinamukulitsa. Pitani kumene anachokera. Mukafunse za anthu amene ankagwira naye ntchito: kodi anakula naye limodzi, kapena iye ankanenepa iwo akutha? Ngati anakula naye, mubweretseni, tidzamuvinira. Ngati ankatha, musadzinamize kuti ndi mmodzi yekha ndipo ife tilipo ambiri. Woteroyo akaona kuti tilipo ambiri, sachita mantha. Amangoona kuti chakudya chilipo.